Chaka Chimene Thope Linakana Nsalu Yanga

Ndikukumbukira kuzizira kwa madzi a Kamwala kuposa mmene ndimakumbukirira nkhope ya mayi anga. Mayi ndi bambo anapita ndi chimfine chachikulu chija chinabwera nkhondo ya Ajeremani itangotha, ine ndisanayambe n'kuyankhula komwe. Anandilera ndi agogo anga aNabanda, mayi awo a mayi anga. Mudzi wathu unali m'munsi mwa mapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi, ndipo Kamwala kanali kamtsinje kochokera m'mapirimo, kodutsa kuseri kwa nyumba zathu.

Ndili wamng'ono, kamtsinjeko kankayenda mumthunzi wokhawokha. Mikuyu ndi mitengo ya katope inkakumana pamwamba pake, moti dzuwa linkangogwera pamadzi timadonthomadontho. Ngakhale m'miyezi yotentha ija mvula isanayambe, ukamwa madzi ake mano ankapweteka. Analinso ndi kakomedwe kakekake, ngati wanyambita mpeni. Alendo akamwa ankakwinya nkhope, koma ife tinkati madzi ndi amenewo, ena onsewa ndi osakolera. Ukatembenuza mwala uliwonse, pansi pake pankathawa nkhanu.

Ndinali mwana wosayankhulayankhula. Pagulu ndinkakhala chakumbali, manja pamaondo, kumangoyang'ana. Malo okha amene kukhala chete kwanga kunkandithandiza anali kusukulu ya mishoni, nyumba yofolera udzu imene Lamulungu inkasanduka tchalitchi. Kumeneko palibe ankafunsa kuti ndiwe mwana wa yani. Ukalemba bwino pasileti, aphunzitsi aGidiyoni ankalinyamula m'mwamba kuti onse aone, ndipo langa linkanyamulidwa kawirikawiri. Atsikana tinalipo ochepa, ndipo tinkachoka mmodzimmodzi. Mtsikana akatha msinkhu ankamutengera kuchinamwali cha m'mudzi, ndipo amene walowa kumeneko amishoni sankamulandiranso. Chotsatira chinali banja. Ndinkadziwa kuti tsiku langa lidzafika, koma ndinkaliona lili kutali kwambiri.

Agogo ankadziwika ndi kunyika nsalu. Masiku amenewo nsalu imene munthu wa kumudzi akanaipeza inali yoyera ya merikano, ndipo popanda sopo inkafiira ndi fumbi mwezi usanathe. Choncho amayi ankabwera nazo kwa agogo kuti azidetse. Agogo ankasenda makungwa a katope, n'kuwasinja, n'kuwawiritsa mumphika waukulu pamodzi ndi nsaluyo mpaka ifiirire. Akatero ankapita nayo pamene Kamwala ankakhota n'kusiya kadambo ka thope lakuda. Thopelo linkanunkha ngati dzira losukusa. Pamwamba pake pankayandama timafuta tonyezimira, ndipo m'mbali mwake munali ngati mwagwira dzimbiri. Ankaiponda nsaluyo ndi mapazi mpaka imire, n'kuisiya momwemo kufikira dzuwa litapendeka. Poifukula ndi kuitsuka inkatuluka yakuda bii, ngati phiko la khwangwala, ndipo sinkasuluka mpaka kung'ambika kwake. Malowo anthu ankangowatcha kuti pathope pa aNabanda.

Ntchitoyi inali ndi malamulo ake. Mkazi amene ali kumwezi sankayandikira pathopepo, monganso sankathira mchere m'ndiwo. Anthu ankati thope silifuna munthu wotentha. Ozizira anali ana ndi nkhalamba.

Kenaka kunabwera fodya. Azungu ankagawa mbewu n'kumagula fodya wa chikopa, ndipo mwamuna aliyense wofuna kupeza msonkho popanda kupita kukagwira ntchito ku Halale anayamba kulima. Atsibweni anga aZakeyu, mlongo wawo wa mayi anga, anali mmodzi wa oyamba. Nazale imafuna madzi, ndiye analambula m'mbali mwa mtsinje chakumtunda kwa mudzi, n'kumatenthapo zinyalala chaka ndi chaka. Kufukiza fodya kumafuna nkhuni, ndiye nkhwangwa zinayambira mitengo yapafupi. Kumtunda komweko kunamangidwanso dibi la ng'ombe, ndipo madzi ake akatha ntchito ankatsikira m'kakhwawa kogwera mu Kamwala.

Zonsezi sizinabwere tsiku limodzi, n'chifukwa chake sitinazione. Mvula ikagwa madzi ankafiira, koma ankadzayeranso. Mchenga unayamba kudzaza m'maiwe. Pamiyala panamera ndere zoterera. Ana tinakondwa kuti tsopano tikhoza kusamba m'mawa osalira. Nkhanu zitayamba kusowa tinati anyamata azimaliza. Palibe ananena kuti mtsinje wasintha. Agogo nawo anali atakhala zaka zingapo osanyika, chifukwa akazi a alimi a fodya anayamba kugula nsalu yakuda kale ya biriwita kwa amwenye, komanso maondo awo anali atayamba kuvuta.

Chaka china atsibweni atagulitsa fodya anandibweretsera nsalu yoyera. Inali nsalu yanga yatsopano yoyamba. Kufikira pamenepo ndinkavala zodula kunsalu zakutha za agogo.

"Mwana wa mlongo wanga asamapite kusukulu ngati wopirikitsa mbalame m'mapira," anatero atsibweni, akuiponya pamphasa ngati kanthu kachabe, koma akundiyang'ana m'mbali kuti aone ngati ndakondwa.

Ndinakondwa mpaka kulephera kuthokoza bwino. Agogo anaitenga, anainunkhiza, anaikoka uku ndi uku, nang'ambako kachidutswa kumapeto koti kadzakhale duku.

"Tiinyika," anatero. "Aone a biriwita aja kuti kuda kwenikweni n'kotani."

Anazinena pamtondo, anazinenanso pochokera kutchalitchi. Pofika tsikulo mudzi wonse unkadziwa kuti aNabanda akubwerera kuthope kwawo.

Tinanyamuka m'mawa, ine nditasenza mphika wa nsalu yowiritsa kale. Amayi angapo anatitsata kuti akaonere. Pakati pawo panali aNambewe, namkungwi wa m'mudzi mwathu, amene ankalangiza atsikana onse otha msinkhu. Anali mayi wathupi, wa mawu omveka tsidya lina la dambo, wokonda kuseka. Sanali munthu woipa mtima. Titafika, agogo anayesa kutsika kagombe kolowera kuthope, koma bondo linakana, ndipo anakhala pansi mwadzidzidzi.

"Ponda ndiwe, Esinati," anatero. "Ndiwe mwana, ulibe kanthu."

Ndinatsika. Ndinali nditaonerera ntchitoyi kambirimbiri ndili wamng'ono, koma kuponda ndinali ndisanapondepo. Nditangoviika phazi ndinadabwa. Thope linali lofunda. Pakati pa zala za kumapazi ndinamva timchenga tokanda. Pamwamba lokha ndi pamene linali lakuda, mkati linali lotuwa ndi mizere yofiira. Fungo la dzira lija linkamveka patali, ndipo pamwamba pake panali fungo lina, longa la ng'ombe zochokera kudibi. Nditakweza maso ndinaona kuti dzuwa likundiwomba pamutu, ndipo pamene panali mitengo panali zitsa. Zonsezi ndinaziona, koma sindinanene. Ndinaganiza kuti mwina ndi ine ndikukumbukira molakwa. Agogo maso awo anali atayamba kuchita khungu, ndipo ali pagombe paja sakanaona zimene mapazi anga ankamva.

Dzuwa litapendeka tinabwereranso, anthu atachuluka kuposa m'mawa. Ndinafukula nsaluyo, ndinaitsuka, ndipo amayi awiri anaitambasula. Sinali yakuda. Apa inali yotuwa, apo yofiirira, pena madontho akuda ngati wadonthezera phula, ndipo pakati panali chibanga chachikulu chachikasu.

"Mayo ine!" anakuwa aNambewe. "ANabanda, mwanyika nsalu kapena mwasenda mbuzi?"

Anthu anaseka, ngakhale ine pakamwa panafuna kuseka. Koma agogo sanaseke. Anaikokera nsaluyo pafupi ndi maso, anaifikisa ndi chala, nati, "Thope ili silinandikanepo. Ngakhale mayi anga silinawakanepo."

Pamenepo kuseka kunatha. Ndinaona aNambewe akutembenuka pang'onopang'ono, n'kundiyang'ana kuyambira kumapazi kukwera m'mwamba.

"Kodi mwanayu si wobadwa chaka chimodzi ndi Malita uja tinamuvinira chaka chatha?" anafunsa. "Iwe, tayang'ana kuno. Palibe chimene ukubisa?"

Ndinamva chimene ankatanthauza, ndipo nkhope yanga inatentha ngati ndayandikira ng'anjo. Ndinali ndisanakule. Koma zimenezo mwana sanena pagulu, pamaso pa amayi a anzake ndi tianyamata takwera pazitsa. Ndinayang'ana pansi, pamapazi anga athope. Kukhala chete kumene ndinazolowera moyo wanga wonse, tsiku limenelo anthu anakumva ngati kuvomera.

"Nanga chifuwa chanucho, aNabanda, chinayamba liti?" anapitiriza aNambewe, tsopano motsitsa mawu, ngakhale kutsitsa kwawo kunkamvekabe kwa aliyense. "Amathira mchere ndani kwanu?"

Agogo anali akutsokomola kuyambira nthawi yozizira. Aliyense ankadziwa kuti mtsikana akakula n'kubisa, n'kumathirabe mchere m'ndiwo, amadwalitsa akuluakulu a m'nyumbamo. Choncho pobwerera kumudzi ndinali wabodza, komanso mwana wofuna kupha gogo amene anamulera.

Madzulo ake ndinaphika nkhwani monga mwa masiku onse. Atawira ndinatambasula dzanja kuti nditenge mchere m'kachigoba kamene tinkasungiramo. Agogo anandigwira pamkono. Sanandifinye, anangogwira mofatsa ngati akuchotsa mwana pafupi ndi moto.

"Leka, ndithira ndekha."

"Agogo, sindinakule," ndinatero. Ndi mawu okhawo amene ndinakwanitsa.

"Sindinakufunse," anayankha, nasunthira kachigobako kumbali yawo.

Ndakalamba tsopano, ndaikapo mwamuna ndi ana awiri m'manda, koma kugwira kuja ndimakumvabe pamkono. Akanandimenya zikanapepuka.

Atsibweni anabwera m'mawa mwake nakhala pakhonde. Za nsalu sanadandaule.

"Nsalu ndi nsalu, amayi, avala yomweyo," anatero. "Koma ngati mwana wakula, wakula. Tisadikire maliro. Ndauza akazi anga aviike chimera cha mowa wa chinamwali. Chikangouma, aNambewe amutenge, za masileti zithe."

Ndinali kuseri kwa chitseko cha bango, ndikumva zonse. Palibe anandiitana. Ndinadikira kuti agogo akane, koma ndinangomva akutsokomola.

Nsalu ija ndinayamba kuivala, chifukwa zakale zija zinali zitasanduka zomangira mitolo. Kusukulu anyamata anandipatsa dzina loti Mawanga tsiku loyamba lomwe. Dzinalo ndikanapirira. Chovuta chinali choti aliyense ankadziwa chimene mawangawo ankanena. Ndinkayenda nditafunda mlandu wanga. Atsikana anzanga ankasiya kampata pachipika chimene tinkakhalapo. Kudambo amayi ankasiya nkhani ndikafika, n'kuyambanso ndikasenza mtsuko. Aphunzitsi aGidiyoni, munthu wamanyazi, anasiya kunyamula sileti langa, mwina pofuna kuti anthu asandiyang'ane. Pobwerera kunyumba ndinkadutsa pakhomo pa atsibweni, n'kuona chimera chitamera, kenaka chitayanikidwa pamphasa, nkhuku zikuchizungulira. Ndinkapempha mumtima kuti nkhukuzo zichimalize.

Tsiku lina tinaweruka msanga. Ndili panjira ndinaona agogo akulowera kumtsinje, ndodo kumanja, kamphika kumanzere. Anali akuyang'ana uku ndi uku ngati wakuba. Ndinawatsata chapatali n'kubisala m'bango.

Anafika pathope paja. Poti kutsika choimirira sakanatha, anakhala pansi n'kudzikhwekhwereza mpaka mapazi analowa. M'kamphika anatulutsa theka la kachidutswa kaduku kaja, atakawiritsa kale m'makungwa. Anakaponda okha, nthawi yaitali, akubuula ndi maondo. Atatero anakhala pagombe padzuwa, poti mthunzi panalibe, kudikira. Inenso ndinadikira, nyerere zikundiluma. Dzuwa litapendeka anakafukula, anakatsuka, nakayandikitsa kumaso. Ngakhale ndili m'bango muja ndinaona mawanga.

Agogo anatapa thope m'dzanja, analinunkhiza, analifikisa pakati pa zala. Kenaka analilawa ndi nsonga ya lilime, nalavula. Anakhala pomwepo osasuntha mpaka mithunzi inatalika. Pomaliza anapinda kansaluko nakabisa m'chiuno.

Ndinathamangira kunyumba ndikuti lero anena. Sananene. Mchere anathira okha. M'mawa mwakenso sananene. Nthawi imeneyo ndinawakwiyira, koma nditakula ndinamvetsa. Kunena kunali kuvomera kuti thope la mayi awo lafa, ndipo aNabanda wonyika nsalu watha nalo. Inenso sindikanati ndinakuonani, chifukwa mwana sazonda wamkulu. Tinkadya m'mbale imodzi, aliyense maso pansi, aliyense ndi manyazi ake.

Chimera chitauma, akazi a atsibweni anabwera kudzabwereka mtondo. Agogo anawapatsa. Koma m'mawa mwake anandidzutsa tisanasese, anandisenzetsa kamphika kaja ndi mbatata zowotcha, ndipo tinalunjika kwa aNambewe. Tinawapeza akutsuka mkamwa. Agogo anatulutsa kansalu kamawanga kaja nakaponya pamapazi pawo.

"Aka ndaponda ndine, ndi mapazi angawa. Kapena nanenso ndatha msinkhu?"

ANambewe anaseka mpaka madzi anatulukira m'mphuno. Koma sanali munthu wogonja msanga. Anakatola, anakatembenuza, nati, "Nanga si thopelo analiwononga kale ndi mwanayu? Munaponda pamene anapondapo."

"Tiyeni ndiye kumene sanapondepo."

"Kuti?"

"Kumene madzi akuchokera."

"Kuphiri? Ndi thupi langali? ANabanda, mukufuna kundipha ndinu."

"Pakamwa panu panafika mudzi wonse osatopa. Miyendo iyesereko."

Tinatsata mtsinje chokwera. Agogo anali patsogolo ndi ndodo, ine pakati, aNambewe kumbuyo akutchula mayina a makolo awo onse. Ndinali ndisanapiteko kumtunda kuja kuyambira pamene fodya anabwera. Tinadutsa nazale za atsibweni ndi za anzawo, nthaka yake yopsa, phulusa likutsetserekera m'madzi. Tinadutsa zitsa zambirimbiri, zina zazikulu moti munthu akhoza kugonapo. Gombe linali litagumukagumuka, dothi lofiira lili poyera ngati chilonda. Pakakhwawa kochokera kudibi udzu unali wachikasu, ndipo pamadzi osayenda pankayandama ana a achule, mimba m'mwamba. ANambewe anasiya kudandaula kwa kanthawi, anagwira mphuno.

Pokhota paliponse agogo ankawerama n'kuviika dzanja m'madzi, n'kupukusa mutu, n'kupitirira. Bondo lawo linali litatupa, ndipo penapake ankakwera chokwawa. Ndinafuna kuwagwira koma anandikankha.

Titapyola munda womaliza tinalowa m'nkhalango. Inatsala chifukwa munali manda akale a makolo, ndipo nkhwangwa sinkalowamo. Kunada ngati kukubwera mvula. Thukuta linauma pamsana, ndipo ndinayamba kumva kuzizira kumapazi ndisanaponde n'madzi omwe. Kenaka fungo lija linatipeza, dzira losukusa lenileni, lamphamvu.

"Fuu!" anatero aNambewe. Koma agogo anaima n'kulikoka ndi mphuno zonse ziwiri ngati fungo la nyama yowotcha.

Thopelo linali pang'ono, malo ongokwana mphasa imodzi, pansi pa mtengo wa katope. Timafuta tija tinalipo, dzimbiri lija linalipo. Agogo anapereka kamphika kwa aNambewe.

"Tulutsani ndinu, mumupatse ndinu, mufukulenso ndinu. Ine sindikhudza, mungadzati ndachita matsenga."

ANambewe anandipatsa theka lotsala la kachidutswa kaja, lowiritsa kale m'makungwa. Ndinalowa. Kuzizira kunandiluma mpaka m'mafupa a miyendo, ndipo thope linali losalala ngati phala la mwana, lopanda kamchenga ngakhale kamodzi. Ndinaponda, ndinaponda, misozi ikutsika. Sindikudziwa ngati inali ya kuzizira kapena ya mantha. Ndinkaganiza kuti nalonso likandikana, ndiye kuti mwina anthu akunena zoona, pali china mwa ine chimene ine mwini sindikuchidziwa.

Tinadikira titakhala pamizu. Tinadya mbatata, aNambewe zambiri. Palibe ankayankhula kwenikweni, chifukwa pafupi ndi manda anthu sachita phokoso. Nthawi itakwana aNambewe anagwada movutikira, anapisa dzanja mpaka m'chigongono, natulutsa kansaluko. Anakatsuka m'madzi, akuti "Ii, ii, ii!" ndi kuzizira. Anakafinya, anakatambasula, anakatsukanso mwamphamvu ngati akufuna kuti kasuluke.

Kanali kakuda bii.

ANambewe anakayang'ana nthawi yaitali. "Ine ndinangonena zimene aliyense akananena," anatero. Kenaka anatembenukira kwa ine. "Nanga iwe osayankha bwanji tsiku lija? Pakamwapo anakupatsira kudyera mbatata basi?"

Agogo sanandiyang'ane. Ankayang'ana thope.

Pofika kumudzi kunali kutatsala pang'ono kuda, agogo atatsamira paphewa langa. ANambewe sanalowe n'kunyumba kwawo komwe. Anazungulira makomo onse ndi kansalu kaja m'manja, kufotokoza mmene anakwerera phiri ndi mmene iwo anatulukira kuti vuto ndi madzi. Pofika khomo lachitatu nkhaniyo inali itakula, mutalowa ndi kambuku yemwe.

Atsibweni anabwera nkhope ili gwa.

"Ndiye mukuti ndizule nazale, amayi? Msonkho ndikapereke thope?"

"Sindinati uzule," anatero agogo, atatambasula mwendo wotupa uja. "Ndati mwana apite kusukulu."

Atsibweni anakanda m'mutu, anayang'ana nsalu yanga, nachoka. Chimera chija anadzaphikira mowa wolimitsa m'munda wa fodya. Madzulo amenewo ndiwo zitawira, agogo anakankhira kachigoba ka mchere kumbali yanga ndi phazi, maso ali kwina. Kupepesa kwawo kunali komweko, ndipo sitinadzaikambenso nkhaniyo mpaka imfa yawo.

Kusukulu ndinakhalako zaka zina zingapo, zokwanira kuti ndidziwe kuwerenga ndi kulemba, ndipo tsiku langa litafikadi ndinakanena ndekha kwa agogo, iwo n'kukandipereka kwa amayi a mumpingo kuti andilangize, osati kuchinamwali cha m'mudzi. Koma nsalu ija sinabwererenso kuthope. Bondo la agogo silinaphwe, phiri sanakwerenso, ndipo mwana sakanapita yekha kumanda. Ndinaivala ndi mawanga ake mpaka inatha. Anthu anavomera kuti ndinalibe mlandu, koma maso awo anali atazolowera kale kundiyang'ana mwa njira ina, ndipo ine ndinali nditazolowera kuyenda chowerama. Dzina lija silinachoke. Mpaka lero nkhalamba zinzanga za kwathu zimandilonjera kuti aMawanga, zambiri zitaiwala kumene dzinalo linachokera. Ine ndimayankha ndikuseka, koma makutu amatentha.

Chaka chatha ndinapita kumudzi kumaliro, ndi mdzukulu wanga wamkazi amene ali kusekondale. Kamwala m'chilimwe ndi kamzere ka madzi ofunda pakati pa mchenga. M'mbali mwake mwatayidwa mabotolo a mankhwala a fodya, pamadzi pali thovu la sopo ndi ndere zobiriwira zonenepa ndi fetereza. Anthu amamwa pamjigo, ndipo ana akaona nkhanu pachithunzi m'buku amafunsa kuti n'chiyani. Pathope pa aNabanda pali dimba la tomato. Sindikunena kuti zonse zaipa. Mdzukulu wangayu palibe angamuchotse sukulu chifukwa cha nsalu, ndipo akafunsidwa kanthu amayankha munthu asanamalize kufunsa.

Ndinamupempha kuti andiperekeze kumtunda. Tinakwera pang'onopang'ono, ine ndi ndodo. Nkhalango ija kulibe. Patsala mitengo yowerengeka pamanda penipeni, ndipo chimanga chimalimidwa mpaka pamene madzi amatulukira. Ndinavula nsapato n'kuponda pamene ndinkaganiza kuti ndi pomwe paja. Madzi anali ofunda ngati otsala m'beseni. Ndinakumba ndi zala za kumapazi, koma pansi panali mchenga wokhawokha.

"Agogo, mwataya chiyani?" anafunsa mwanayo.

Ndinayang'ana mchenga wa pamapazi anga. Ndinkaganiza kuti zija zikanachitika chaka chino, agogo akanakwera nane phiri lonseli ndi bondo lawo lotupa, aNambewe akubuula kumbuyo, n'kudzapeza mchenga wofundawu. Tikanatsika ndi kansalu ka mawanga m'manja, ndipo pakhomo pa atsibweni tikanapeza chimera chitasinjidwa kale.